Digiri ya kunja muli kwanu ku Tete: Unisa, Universidade Aberta, London, America kapena Malawi?

Mphunzitsi wa ku Ulongué, wogwira ntchito m'boma ku Furancungo kapena wa ku migodi ya malasha ku Moatize sangasiye ntchito ndi banja n'kukakhala zaka zitatu ku Pretoria kapena ku Lisboa. N'chifukwa chake ambiri akufunsa za maphunziro a patali, oti yunivesite ili kunja kwa dziko koma wophunzira ali pakhomo pake, akuwerenga usiku ana atagona. Njira zimenezi zilipo, ndipo zina ndi zakale kuposa intaneti. University of London inayamba kulola anthu akutali kulemba mayeso ake mu 1858, ndipo Unisa ya ku South Africa inayamba kuphunzitsa kudzera m'makalata mu 1946. Koma munthu wa ku Tete asasankhe potengera kumveka kwa dzina. Zimene zimamupweteka pambuyo pake ndi zitatu: pepala limene boma la Mozambique silikulilandira, chinenero chimene sangalembemo masamba khumi payekha, ndi ndalama yakunja imene sangaipeze pa tsiku lolipira.

Pepalalo lidzalandiridwa kuno?

Funso ili liyenera kuyankhidwa musanalipire metical ngakhale imodzi. Digiri yochokera kunja siigwira ntchito yokha m'boma la Mozambique. Kuti mphunzitsi akwere kufika pa docente N1, kapena wa mu ofesi afike pa técnico superior N1, pamafunika equivalência, chikalata chonena kuti maphunziro akunjawo akulingana ndi licenciatura ya kuno. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa INECE, bungwe la boma loona za mayeso, ziphaso ndi equivalência, lomwe likulu lake lili ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera mu mzinda wa Tete.

Amafuna kuona diploma yeniyeni, chikalata cha ma cadeira onse ndi malikisi ake, BI yanu, ndi certificado ya maphunziro amene munamaliza musanalowe ku yunivesite. Mapepala ochokera kunja amayenera kudindidwa ndi akuluakulu a dziko limene anachokera komanso ofesi ya kazembe wa Mozambique m'dzikolo, ndipo ngati ali m'Chingerezi amamasuliridwa m'Chipwitikizi ndi womasulira wolumbira, tradutor ajuramentado. Zonsezi zimadya ndalama ndi miyezi, choncho muziwerengere pamodzi ndi propina kuyambira pachiyambi.

Anthu amagwa pa malo awiri. Oyamba ndi sukulu imene ngakhale kwawo siidziwika. Kufufuza kwake n'kwaulere ndipo kumatha madzulo amodzi pa foni. Ku South Africa digiri iliyonse yovomerezeka ili ndi nambala yake m'kaundula wa SAQA, bungwe la boma loona za ziphaso za maphunziro. Ku Portugal maphunziro amavomerezedwa ndi A3ES. Ku Brazil mumayang'ana mu e-MEC, ku Malawi mumndandanda wa NCHE, ku Zambia wa Higher Education Authority. Ku America onani ngati bungwe limene linavomereza sukuluyo limadziwika ndi unduna wa zamaphunziro wa dzikolo kapena ndi CHEA, chifukwa alipo ena amene amadzipangira bungwe lawolawo n'kudzivomereza okha. Ndipo musangofufuza dzina la yunivesite. Fufuzani kosi yeniyeniyo, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka koma kosi imene mukuifunayo ayi.

Malo achiwiri ndi kutalika kwa maphunziro. Licenciatura zambiri za kuno ndi za zaka 4, pamene digiri yoyamba ya ku South Africa, ku Portugal ndi ku England kawirikawiri ndi ya zaka 3. Izi sizitanthauza kuti idzakanidwa, koma zikutanthauza kuti muyenera kufunsa msanga kuti digiri yakutiyakuti, ya yunivesite yakutiyakuti, yophunziridwa patali, imaikidwa pa mlingo uti. Funsani mwa kalata ndipo yankho lake musunge. Mawu a pakamwa a munthu wa pa kauntala sadzakuthandizani zaka zinayi zikadzapita.

Ntchito zina zili ndi chipata chachiwiri. Loya amadutsa ku Ordem dos Advogados, injiniya ku Ordem dos Engenheiros, wowerengera chuma ku OCAM, ndipo madokotala ndi anamwino ali ndi mabungwe awo. Maphunziro ofuna manja, monga unamwino, udokotala ndi ntchito za mu labu, musawafune n'komwe patali. Ngakhale Brazil, dziko limene maphunziro a patali anafalikira kwambiri, mu 2025 linaletsa kuphunzitsa patali udokotala, zamalamulo, zamano, unamwino ndi psicologia.

Unisa

Kwa amene Chingerezi chake n'cholimba, iyi ndiyo njira imene tikuiona kuti ikuyenerana kwambiri ndi munthu wa ku Tete. Ili m'chigawo chathu cha SADC, imalipiritsa mu randi, nthawi ya ku Pretoria ndi yofanana ndi ya kuno chaka chonse, ndipo makampani ambiri ogwira ntchito m'chigawo chino amalidziwa dzina lake.

Kulowa kwake kuli ndi masitepe amene anthu amawasokoneza. Choyamba mumapempha malo pa intaneti, ndipo kwa ofuna kuyamba chaka chotsatira khomo limatseguka cha mu Ogasiti n'kutsekeka chaka chisanathe. Akakupatsani malo muyenera kuwavomera m'masiku amene akuuzani, apo ayi amapita kwa wina. Kulembetsa ma module (ma cadeira awo), komwe ndiko matrícula yeniyeni, kumabwera pambuyo, cha mu Januwale. Amene wangotulukira mu Januwale ndi ndalama m'manja osapempha malo chaka chapitacho amabwerera. Chinanso, certificado ya 12ª classe si ya ku South Africa, choncho wofuna digiri amafunika chikalata cha exemption, chomulola kulowa digiri, chochokera ku Matriculation Board ya Universities South Africa. Pa maphunziro ena, makamaka a pamwamba pa digiri yoyamba, amafuna kuti SAQA iunike mapepala anu. Zimenezi zimatenga nthawi, yambani nazo miyezi ingapo khomo lisanatseguke. Amene anaphunzira ku Malawi, monga ambiri a ku Angónia ndi Tsangano amene anakulira kumeneko nthawi ya nkhondo, adziwe kuti MSCE payokha kawirikawiri siikwana kulowera digiri mwachindunji. Njira yodutsira ilipo: Higher Certificate ya chaka chimodzi, ya makirediti 120, komanso exemption ya anthu a zaka 23 kupita m'tsogolo amene anakhoza maphunziro ofunikira.

Digiri ya zaka zitatu ndi makirediti 360, ndipo ma module ambiri ndi a makirediti 12, kutanthauza ma module 30. Kirediti imodzi amaiwerengera maola 10 a ntchito, ndiye module imodzi ndi maola 120, omwe mukawagawa pa semesita amakwana pafupifupi maola 8 pa sabata. Wotenga ma module asanu pa semesita imodzi akufunika maola 40 pa sabata, yomwe ndi ntchito yachiwiri yathunthu. Munthu amene amaphunzitsa m'mawa ndi masana, ali ndi munda ndi ana, atenge awiri kapena atatu pa semesita. Unisa imapereka zaka mpaka 8 zomalizira digiri ya makirediti 360, koma imafunanso kuti chaka choyamba mukhoze makirediti 36 ndipo zaka zotsatira 48 pachaka, apo ayi akhoza kukukanizani kupitiriza. Choncho ma module anayi okhoza pachaka ndiwo mzere wapansi, ndipo asanu kapena asanu ndi limodzi pachaka ndi liwiro limene munthu wa pa ntchito angalipirire.

Malikisi omaliza amaphatikiza ma assignment ndi mayeso. Kukhoza ndi 50 pa 100, koma pa ma module ambiri mayeso enieniwo ali ndi malire ake a 40, ndipo mukagwa pansi pake ma assignment abwino aja sakupulumutsani. Assignment yoyamba musaiphonye, chifukwa nthawi zambiri ndi imene imakutsegulirani khomo la mayeso. Mayeso amakhala mu Meyi ndi Juni, kenako mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kuyambira 2020 ambiri amalembedwa pa intaneti, kamera kapena pulogalamu ya pa foni ikuyang'anira. Uthenga wonse wofunika umapita ku imelo ya myLife imene amakupatsani, osati ku Gmail yanu. Ophunzira ambiri amaphonya masiku chifukwa chosatsegula imeloyo.

Zolemetsa zake nazo zilipo. Okhala kunja kwa South Africa amalipira ndalama yowonjezera pa module iliyonse, ngakhale kuti ya okhala mu Africa ndi yocheperapo. Mabuku ena ofunikira mumagula nokha, ndipo ku Tete simungawapeze m'sitolo, ndiye funsani ngati alipo a pa kompyuta musanalembetse. Ophunzira ndi mazana a zikwi, choncho yankho la ofesi limachedwa ndipo palibe amene adzakuimbireni mukasowa.

Universidade Aberta ya ku Portugal

Amene sukulu yake yonse anaiphunzira m'Chipwitikizi, ndipo Chingerezi chake ndi cha pamsika wa ku Dedza kapena ku Zóbuè, aganizire iyi poyamba. Kulankhula chinenero n'kwina, kulembamo nkhani ya mfundo yokhala ndi maumboni n'kwinanso, ndipo maphunziro a patali ndi kulemba basi. Palibe mphunzitsi woona nkhope yanu n'kuzindikira kuti mukudziwa ngakhale mawu akukuvutani.

Universidade Aberta ndi yunivesite ya boma la Portugal, inakhazikitsidwa mu 1988 ku Lisboa. Musaisokoneze ndi UnISCED ya ku Beira, yomwe nayo m'dzina lake muli mawu oti Universidade Aberta koma ndi ya kuno. Licenciatura yake ndi ya ECTS 180 (makirediti a ku Ulaya), masemesita 6. Cadeira imodzi kawirikawiri ndi ECTS 6, ndipo ECTS imodzi amaiwerengera maola 26, kotero cadeira imodzi ndi maola 156. Apanso ma cadeira asanu nthawi imodzi ndi katundu wa munthu wosagwira ntchito, ndipo iwo amalola kuphunzira pang'onopang'ono. Inapangidwira anthu akuluakulu, n'chifukwa chake ili ndi mayeso ake olowera, kuphatikizapo njira ya maiores de 23 anos. Musanayambe ma cadeira mumadutsa módulo de ambientação, masabata awiri ophunzira kayendetsedwe ka zinthu pa intaneti. Musawaone ngati nthawi yotayika, makamaka ngati simunazolowere kutumiza ntchito pa kompyuta.

Ubwino waukulu kwa ife ndi wakuti maphunziro ake ambiri safuna kuti nonse mukhale pa intaneti ola limodzi. Mumatsitsa zowerenga netiweki ikakhala bwino, n'kulemba mu fórum nthawi imene mwapeza mpata. Cadeira iliyonse ili ndi PUC, chikalata cholemba masiku onse a ntchito za semesita, ndipo tsiku loyamba lomwe mukopere masikuwo pa kalendala ya pakhoma. Malikisi ndi a 0 mpaka 20 monga kuno. Kwa zaka zambiri dongosolo lake lakhala lakuti ma e-fólio, ntchito zotumiza pa intaneti m'kati mwa semesita, amapereka 8 ndipo mayeso omaliza 12, aliyense ali ndi malire ake, kotero wonyalanyaza ma e-fólio amadzitsekera yekha njira.

Chenjerani ndi zinthu zitatu. Propina ndi ya mu euro, ndipo mtengo wa ophunzira akunja ukhoza kusiyana ndi wa nzika za Portugal, ndiye funsani gulu limene nzika ya Mozambique imaikidwamo. Chaka chawo chimayamba mu Okutobala, osati mu Febuluwale monga kuno. Ndipo wotchi ya ku Lisboa imasintha: kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ili m'mbuyo mwathu ndi ola limodzi, miyezi yotsalayo ndi maola awiri. Mayeso a 10 koloko m'mawa ku Lisboa mu Febuluwale ndi 12 koloko masana ku Ulongué, koma mu Juni ndi 11 koloko. Aphunzitsi adziwenso kuti licenciatura yawo ya Educação payokha siipereka chilolezo chophunzitsa m'kalasi ngakhale ku Portugal komweko, choncho amene cholinga chake ndi docente N1 afunse bwino asanaisankhe.

University of London ndi Open University

Dzina la London ndi lolemera, mtengo wake ndi wolemeranso, ndipo ndi wa mu mapaundi. Pa makosi ena amagawa mayiko m'magulu, osauka n'kulipira zocheperapo, koma ngakhale choncho kwa wolandira malipiro a boma la Mozambique ndi katundu amene sanganyamulike popanda bolsa kapena kampani yomulipirira. Amafunanso umboni wa Chingerezi monga IELTS, yomwe ndi mayeso ena olipira paokha. Digiri yawo ya sayansi ya makompyuta imaphunzitsidwa kudzera pa Coursera mothandizana ndi Goldsmiths, ndipo za chuma ndi kayendetsedwe ka bizinesi zimatsogozedwa ndi London School of Economics. Mavidiyo ndi ambiri, ndiye bajeti ya intaneti imakwera.

Apa pali msampha umodzi woyenera kuutchula. LLB ya London, yomwe ndi digiri ya zamalamulo, imaphunzitsa malamulo a ku England. Malamulo a Mozambique anachokera ku mwambo wa Chipwitikizi, wa ma código olembedwa, ndipo makhoti amagwira ntchito m'Chipwitikizi. Wofuna kukhala loya ku Tete aphunzire Direito kuno. LLB ingamuthandize amene ali kale ndi licenciatura ya kuno ndipo akufuna kugwira ntchito ndi makontrakiti a makampani akunja. Open University ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1969, imalandira anthu pa digiri zambiri zoyamba popanda kufunsa ziphaso, ndipo kaphunzitsidwe kake n'kabwino, koma nkhani ya mtengo ndi yomweyo.

University of the People

Iyi ndi ya ku America, inayamba mu 2009, ndipo imakopa anthu chifukwa imati siilipiritsa propina. N'zoona, koma si yaulere: mumalipira popempha malo, ndipo mumalipira mu madola kumapeto kwa kosi iliyonse kuti malikisi anu awerengedwe. Digiri yoyamba ndi makosi 40, choncho tengani mtengo wa kosi imodzi umene walembedwa chaka chimenecho muchulukitse ndi 40. Kwa zaka zingapo tsopano dola imodzi yakhala pafupi ndi meticais 64 ku banki, ndiye masamu ake ndi osavuta. Ali ndi mabolsa amene mungapemphe.

Makosi ake ndi ochepa, makamaka bizinesi, makompyuta ndi sayansi ya zaumoyo, ndipo ya zaumoyoyo si unamwino kapena udokotala. Chaka chili ndi zigawo zisanu za masabata 9, ndipo sabata iliyonse pali ntchito yopereka. Dongosolo lotere limasunga munthu panjira, koma silikhululukira amene wapita kumaliro masiku asanu kapena amene netiweki yamuthawa sabata yonse. Sabata yawo imatha Lachitatu usiku pa wotchi yawo, komwe kuno kumakhala kutacha Lachinayi m'mawa. Zowerenga zambiri ndi zolembedwa ndipo simugula mabuku, zomwe zimathandiza amene intaneti yake ndi ya pa foni. Kwa wofuna luso la makompyuta kuti agwire ntchito ku kampani kapena payekha, ndi njira yoyenera kuiganizira. Kwa wa m'boma amene akufuna mudança de carreira, funso la equivalência lija liyambe layankhidwa.

Za ku Brazil tinene mwachidule. Chinenero ndi Chipwitikizi chomwechi ndipo mitengo ndi yotsika, koma makosi ambiri a digiri yoyamba amafuna kuti wophunzira azionekera ku polo, malo a yunivesite okumanirana ndi ophunzira, pa mayeso, ndipo ma polo ali ku Brazil. Zimene zimalengezedwa kwambiri pa Facebook ndi WhatsApp ndi pós-graduação lato sensu, yomwe ndi especialização chabe. Si mestrado, ngakhale wogulitsayo atailemba kuti MBA. Phunziro la pompopompo la 7 koloko madzulo ku São Paulo limakhala pakati pa usiku ku Tete.

Kutsidya kwa malire: Malawi ndi Zambia

Kwa wa ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, dziko lakunja si kutali. Kuchokera ku Calómue mwalowa kale mu Dedza, ndipo Lilongwe ili pa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pamenepo. Wa ku Chifunde ndi Marávia amatulukira pa Cassacatiza kulowa ku Zambia. LUANAR ya ku Lilongwe ili ndi maphunziro a patali a zaulimi, Mzuzu University ili ndi a uphunzitsi, ndipo University of Zambia yakhala ikuphunzitsa patali kwa zaka zambiri. Maphunziro ndi a m'Chingerezi, koma anzanu a m'kalasi amalankhula Chinyanja chomwechi, ndipo kukhala ndi mnzako woti n'kumuimbira usiku kuti akufotokozere mfundo m'chinenero cha kwanu ndi thandizo limene Lisboa ndi London sizingapereke. Kwa mlangizi wa zaulimi wa kumapiri a Angónia, maphunziro a chimanga, mbatatesi, nyemba ndi fodya a ku Lilongwe amanena za dothi ndi mvula zofanana ndi zake.

Koma njira imeneyi si ya patali kotheratu. Kumayambiriro kwa semesita mumayenera kukakhala kusukulu masabata angapo, ndipo mayeso mumakalemba komweko. Muwerengere pasipoti, chapa, malo ogona, chakudya, ndi chilolezo cha kuntchito kawiri kapena kanayi pachaka. Ngati bwana wanu sangakumasuleni pa masiku amenewo, njira iyi yatsekeka ngakhale ili pafupi. Pa nkhani ya mtengo, mgwirizano wa SADC wa zamaphunziro umene unasainidwa ku Blantyre mu 1997 umati ophunzira a m'mayiko a SADC azilipira ngati nzika, koma sukulu iliyonse ili ndi ndondomeko yake ya mitengo, ndiye pemphani kalata yosonyeza gulu limene akuikani. Iwonso adzafuna kuunika 12ª classe yanu, yomasuliridwa m'Chingerezi.

Nanga za kuno komweko?

Sitingayerekeze njira zakunja osaika pambali pake za m'dziko muno. UnISCED, Universidade Católica de Moçambique ndi Universidade Eduardo Mondlane zili ndi maphunziro a patali, ndipo ku Tete kuli UniPúnguè, ISPT ndi UniZambeze, yomwe nthambi yake ya zaulimi ili ku Angónia. Mumalipira mu meticais, mumaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo equivalência siifunika. Kwa mphunzitsi kapena wa mu ofesi ya boma amene cholinga chake ndi kukwera pa carreira, maganizo athu ndi akuti licenciatura yovomerezeka ya kuno ndiyo njira yachidule, ndipo zakunja azisungire mestrado, yomwe ndi yaifupi ndipo ndalama yakunja imene imafunika ndi ya zaka ziwiri osati zisanu ndi chimodzi. Kunja n'koyenera pamene kosi imene mukuifuna kuno kulibe, kapena ntchito imene mukuiyang'ana ndi ya m'makampani ndi mabungwe ogwira ntchito m'Chingerezi. Za kunozi nazonso zifufuzeni, chifukwa nazo zimayenera kuvomerezedwa ndi mabungwe a boma: CNAQ, loona za maphunziro a pamwamba, ndi INED, loona za maphunziro a patali.

Ndalama, magetsi ndi tsiku la mayeso

Ambiri amene amasiyira panjira samagwa chifukwa cha nzeru. Amagwa pa kalendala. Unisa imafuna ndalama mu Januwale, mwezi umene nkhokwe zapepuka ndipo ana akufuna yunifolomu ndi makope. Universidade Aberta imayamba mu Okutobala, pamene banja likugula feteleza ndi mbewu. Ndalama ya mbatatesi, chimanga ndi fodya imabwera pakati pa chaka. Choncho propina ya semesita ziwiri ipatulidwe nthawi yokolola n'kuikidwa mu akaunti yakeyake, apo ayi idzathera ku zina zofunikanso.

Kulipira kunja kumafuna akaunti ya ku banki ndi khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula pa intaneti kunja kwa dziko, kapena kutumiza kudzera ku banki mutapereka fatura ya yunivesite. Makhadi ali ndi malire a ndalama, ndipo nthawi zina ndalama zakunja zimavuta kupezeka m'mabanki, kotero yambani kulipira masabata atatu tsiku lomaliza lisanafike. Lembani nambala yanu ya wophunzira pa malo a referência ndendende monga akuuzirani, chifukwa ndalama yopanda nambala imafika koma siilowa m'dzina lanu. Musapereke ndalama kwa munthu amene akuti ndi nthumwi ya yunivesite n'kukupatsani nambala yake ya M-Pesa kapena e-Mola.

Foni yokha siikwana. Pamafunika laputopu ya kamera yogwira ntchito, RAM ya 8 GB, ndi batire yosunga moto maola atatu, chifukwa mayeso ambiri ndi a maola awiri kapena atatu ndipo magetsi a EDM akhoza kuzima pakati, makamaka nthawi ya mvula ndi ziphaliwali. Mu mzinda wa Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, laputopu yoikidwa pa matiresi imadzizimitsa yokha, ndiye iikeni pa tebulo mpweya uzidutsa pansi. Khalani ndi ma SIM awiri a makampani osiyana, monga Movitel ndi Vodacom, onse ali ndi megabaiti tsiku la mayeso, ndipo Credelec mugule dzulo lake. Ola limodzi la phunziro la pa vidiyo likhoza kudya pakati pa 500 MB ndi 1 GB. Okhala pafupi ndi malire, ku Calómue, Biri-Biri kapena Zóbuè, foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Malawi n'kudula intaneti mwadzidzidzi, choncho sankhani netiweki ndi manja m'malo moisiya kuti izisankha yokha. Starlink, intaneti ya satelayiti, inafika ku Mozambique mu 2023, ndipo ophunzira anayi kapena asanu a dera limodzi akhoza kusonkherana. Kumapeto kwa 2024 intaneti ya pa foni inadulidwa kangapo m'dziko muno, choncho dziwiranitu malo ena a intaneti ya waya kapena ya satelayiti amene mungathamangireko.

Mayeso akadukira pakati, jambulani sikirini yoonetsa ola ndi vutolo, n'kutumiza imelo ku dipatimenti tsiku lomwelo. Ngati mayesowo ndi olemba pamanja n'kujambula, yesererani pasadakhale kusonkhanitsa masamba kukhala PDF imodzi yosalemera, chifukwa mphindi zotumizira ndi zochepa ndipo fayilo yaikulu imakanirira pa netiweki yofooka. Ntchito yokopera kwa mnzanu kapena pa intaneti imagwidwa ndi mapulogalamu monga Turnitin, ndipo chilango chake chimatha kukhala kuimitsidwa sukulu.

Pomaliza pa mapepala, yalani BI, pasipoti ndi certificado ya 12ª classe pa tebulo limodzi muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana chilembo ndi chilembo. M'madera a m'malire vuto ili ndi lofala: munthu analembedwa Yohane kusukulu ya ku Malawi, pa BI ndi João, ndipo dzina la bambo pena lili ndi "ch" pena "tch". Yunivesite idzasindikiza diploma m'dzina limene munalembetsa tsiku loyamba, ndipo kulisintha pambuyo pake n'kovuta kuposa kukakonza ku Registo Civil panopa. Lembetsani ndi dzina la pa pasipoti, mayina onse, mwa dongosolo lomwelo.